Mankhwala a Chimfine pa Mimba ya Nsato

Aliyense wokwera basi ya m'mawa pa mphambano ya kumsika, kuno ku Toluca, amawadziwa mayi Eulalia. Ndi aja amaima pambali pa chitini chachikulu cha matamale, timikate totentha ta ufa wa chimanga tokulunga m'makoko, atavala majuzi awiri, epuloni yamaluwa pamwamba. Zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akuima pamalo omwewo, kaya mvula kaya chisanu. Safunsa kuti mukufuna a tsabola wobiriwira kapena otsekemera. Amangokuyang'anani nkhope basi, n'kukupatsani okuyenerani.

Koma mumsewu mwathu sanatchuke ndi matamale okha. M'thumba la epuloni yawo simusowa kabotolo ka mankhwala opaka a chimfine, aja onunkhira bulugamu, olasa m'mphuno. Mwana wa munthu akayamba kutsokomola, amake sathamangira kwina. Mayi Eulalia amamupaka pachifuwa, pamsana ndi kumapazi, amamuveka masokosi, kenako n'kumufunditsa nsalu yongosita kumene idakali yotentha. "Mawa adzuka akukusowetsani mtendere," amatero, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Ana awo anayi anakula ndi mankhwala omwewo. Palibe ndi mmodzi yemwe anagonapo m'chipatala, ndipo mawu amenewa ankawanena ngakhale popanda wowafunsa. M'nyumba mwawo fungolo linalowerera paliponse, m'makatani, m'mapilo, m'manja mwawo momwe, moti apakhomopo anasiya kalekale kulimva.

Ana atatu aamuna anakula n'kuchoka. Pakhomo panatsala mzime wawo, Yaretzi. Mtsikanayu, bambo ake a Nicanor atamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anangoti zii. Ankapita kusukulu, kubwera, kudya, kutsuka mbale, mawu ake a tsiku lonse osakwana zala za dzanja limodzi.

Atayandikira zaka khumi ndi zisanu, amayi ake anayamba kukonzekera phwando monga amachitira mayi aliyense wa mwana wamkazi: diresi lotambalala, misa, oimba, nkhukundembo za msuzi wakuda. Tsiku lina akumuyeza m'chiuno ndi chingwe, Yaretzi anayankhula.

"Amayi, phwando ayi."

"Nanga ukufuna chiyani?"

"Nsato."

"Wati chiyani iwe?"

"Nsato, amayi. Osati zazikulu zija zomeza mbuzi. Iyi ndi mtundu waung'ono, ikakula sipitirira kutalika kwa tsache. Silimbana ndi munthu. Ikachita mantha imangodzipinda ngati mpira, mutu n'kubisa pakati."

"Ndiye ku misa ukavala njokayo?"

Anakangana miyezi iwiri. Koma pa miyezi iwiri imeneyo mayi Eulalia anamva mawu a mwana wawo ambiri kuposa a zaka zinayi zapitazo, ndipo pomaliza anagonja. Kungoti kugonja kwawo sikunali kwa chete. Anavomera pa chakudya cha Lamlungu, azichimwene ake a Yaretzi alipo, ndi mayi Chonita oyandikana nawo nyumba alipo.

"Ugule," anatero. "Koma iwe ngakhale duwa la m'chitini linakufera. Pakatha miyezi itatu chingwe chimenechi tidzachikwirira kuseri kwa nyumba, muone."

Onse anaseka. Yaretzi sanaseke.

Njokayo anakaigula kwa munthu woweta, pamodzi ndi mapepala ake. Inali yaitali ngati mkono, yoderako ndi mawanga agolide, ndipo itadzipinda m'manja mwake inkaoneka ngati banzi lozungulira lija timadyera khofi, moti anaitcha dzina la banzilo, Concha. Nyumba yake anali ataikonza kale m'chipinda mwake: bokosi lagalasi lalitali ngati tebulo laling'ono, la chivindikiro chotsekeka bwino. Pansi anayala makoko a kokonati ophwanyaphwanya. Mbali imodzi, kunsi kwa galasi, anamata kamphasa kamagetsi kotenthetsa, kokhala ndi kachipangizo kozimitsa kutentha kukapyola. Mbali inayo anaisiya yozizirira, kuti njoka izisankha yokha kokhala. Anaikamo timapanga tiwiri tobisalamo, mbale yamadzi yolemera kuti isagubuduzike, ndi choyezera kutentha ndi chinyezi. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankalemba manambala a choyezeracho m'kope. Lamlungu lililonse ankasungunula mbewa imodzi youma ndi chisanu m'madzi ofunda, n'kuipereka ndi chopanira.

Mbewazo ndiye zinabweretsa nkhondo ina, chifukwa malo ake anali m'firiji momwe munkakhala nyama ya nkhumba ya matamale. Anagwirizana kuti zizikhala m'kabokosi kotseka kawiri, pakona yake yake. Koma nkhani inatuluka basi, ndipo mayi Chonita sanaisiye.

"Amake Yaretzi, lero matamale ndi a nyama yanji? Ndifunsiretu, paja m'firiji mwanu muli alendo."

"Idyani inu, mwina mungamere mchira, amuna anu apeze pokugwirirani mukamayendayenda."

M'chipinda cha njokamo mayi Eulalia sankalowamo. Ankasesa kulekeza pakhomo. Koma ankamva mwana akuyankhula nayo, ndipo pa chakudya chamadzulo Yaretzi ankafotokoza zambiri: kuti Concha imanunkhiza ndi lilime, kuti ikadya siyenera kugwidwa masiku awiri, kuti yanenepa pang'ono. Mayiwo ankangoti "Mhm, nyansi," koma mumtima ankathokoza Mulungu.

Januwale, mwezi wozizira kwambiri kuno, anafika ndi chisanu chake chija choumitsa madzi m'ndowa. Lamlungu lina Concha inakana mbewa. Lamlungu lotsatira inakananso.

"Chamoyo chanji chimatha masabata awiri osadya?" anafunsa mayi Eulalia ali pakhomo la chipinda.

"Zimatero, amayi, makamaka kukazizira. Komanso ikufuna kufundula. Maso achita mbuu, ndiye chizindikiro chake. Sabata ino ndingoithirira madzi basi, osaigwira. Muisiye."

"Ine ndiisiye? Ndinaigwirapo liti?"

Lachiwiri masana, atabwerako kogulitsa, mwana ali kusukulu, anatenga zovala zopindapinda kuti akaziike pa mpando wa pafupi ndi chitseko cha Yaretzi. Ndipamene anamva kamluzu kakang'ono, fyii, n'kukhala chete, fyii. Anaima. Kamluzu kotero anakamvapo m'zifuwa za ana awo onse anayi ndi za theka la ana a mumsewu. Analowa pang'onopang'ono. Njoka inali itatulutsa mutu m'kaphanga, maso otuwa ngati a nkhalamba, khungu lopanda kuwala. Iwo sankadziwa kuti njoka ikamafundula khungu lakale limatha kutseka pang'ono m'mphuno, n'kumalira choncho mpaka litachoka. Chimene anaona ndi chamoyo chosadya, chotuwa, cholira pachifuwa, mwezi wa chisanu. Anawerenga ndi zala: miyezi itatu ija inali itatsala pang'ono kukwana. Mawu awo omwe anawabwerera m'khutu. Anaganiza za mwana wawo akubwerera ku zii uja, ndipo mtima unawauza kuti chinthuchi sichifa iwo alipo.

Anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kutsegula chivindikiro. Ankayembekezera chinthu choterera, koma anapeza chouma, cholemera, chozizira.

"Kuzizira chonchi, mwana wa eni!"

Anakhala pabedi, njoka pamiyendo, n'kutulutsa kabotolo. Anaipaka kuyambira pakhosi mpaka pakati pa mimba, monga amapakira khanda, ndi pang'ono pamphuno kuti itseguke. Anaikulunga m'nsalu yosita kumene. Concha inaphiriphitha, inakankha mutu uku ndi uku. Iwo sanadabwe, ana nawonso amatero. Patapita kanthawi anaipukuta n'kuibwezera, ndipo inathawira m'kaphanga. Lachitatu anachitanso chimodzimodzi. Yaretzi sanaone kanthu, popeza anali ataisiya yokha monga ananenera, ndipo fungo linali la tsiku ndi tsiku la m'nyumbamo. Mayi Eulalia anasunga chinsinsi chawo mokondwa. Ankafuna kudzaulula tsiku limene njoka idzadye, kuti mwana adzadziwe kuti amayi ake anagonjetsa mantha chifukwa cha iye.

Lachinayi Yaretzi atangolowa m'chipinda kuchokera kusukulu, anakuwa.

Concha inali m'mbale yamadzi, pakamwa yasa, thovu kukamwa. Ataitembenuza, mimba yonse inali psuu, mamba akunyotsoka ngati pepala lonyowa. Sanali khungu lakale lofunduka ayi, koma latsopano la mkati. Mayi Eulalia anabwera akuthamanga n'kuima pakhomo.

Yaretzi anaiika m'chikwama cha pilo, n'kuiika m'bokosi pamodzi ndi botolo la madzi ofunda lokulunga thaulo. Iye ndi amayi ake anakwera mabasi awiri mpaka ku chipatala cha ziweto chimene chimalandira njoka ndi mbalame. Dokotala wake, mayi Anguiano, anali wamng'ono thupi, wosachulutsa mawu. Anaiyang'ana pamimba nthawi yaitali, anaitsegula kukamwa, anamvetsera kupuma kwake. Yaretzi anapereka kope lake lija.

"Zilonda za pamimba kawirikawiri ndi kamphasa kotenthetsa," anatero dokotala.

"Koma manambala ali bwino, adokotala, onani. Sindinadumphe tsiku."

"Kope likhoza kukhala bwino, kachipangizo katafa. Koma chikundidabwitsa n'chakuti zilonda zafika pakhosi ndi pamphuno. Kupuma ukunso si kwa kupsa ndi moto. Pali wina anaipaka kanthu? Mafuta, sopo, mankhwala opopera tizilombo?"

"Ayi. Palibe amaigwira koma ine ndekha. Amayi salowa n'komwe m'chipinda mwanga, amaiopa."

Dokotala anatembenuka. "Ndi choncho, mayi?"

Kabotolo kanali m'thumba la epuloni, kakugunda pa ntchafu. Mayi Eulalia anaona khoma la zikalata za dokotalayo, anaona mwana wawo maso atafiira, anaganiza za msewu wonse umene unkawabweretsera ana. Pakamwa panayankha pasanafike mtima.

"Ine ndi njoka? Aaa, adokotala!"

Anatero akuseka pang'ono.

"Chabwino," anatero dokotala. "Itsale kuno. Ndiichiza ngati yapsa, koma ndikuchiza mongoyerekeza. Ngati pali china chimene chikulowabe m'thupi mwake, pofika Loweruka tikhoza kuitaya. Mukakumbukira kanthu, imbani foni."

M'basi Yaretzi anakhala kuwindo, chikwama cha pilo chopanda kanthu pamiyendo. Atadutsa pamsika ndi pamene anayankhula, osawayang'ana.

"Munanena zoona, amayi. Ngakhale duwa."

Basi inali yodzaza anthu. Mayi Eulalia anadziuza kuti anena zoona akafika kunyumba. Atafika kunyumba anadziuza kuti mwana adye kaye. Mwana sanadye.

Lachisanu m'mawa anaima pamalo pawo monga mwa masiku onse. Anthu anali pamzere, manja m'matumba, pamene mayi Chonita anatulukira atafunda bulangete.

"Amake Yaretzi, tandipatsaniko pang'ono a m'thumbamo. Akunyumba akulira pachifuwa ngati galimoto yakale."

Mayi Eulalia anapisa dzanja m'thumba, koma silinatuluke.

"Ndamva chingwe chija chagonekedwa m'chipatala," anapitiriza mayi Chonita mokweza, kuti pamzere amve. "Akuti mwana wachiotcha ndi magetsi. Paja munalosera inu! Ana a masiku ano, kope lodzaza manambala, nzeru ziro. Akanangosiyira inu odziwa kulera, bwenzi pano njokayo ikuthandiza kukulunga matamale."

Pamzere anaseka. Bambo wina woyendetsa takisi anawonjezera kuti bola akanavina phwando lija. Mayi Eulalia anamva nkhope ikutentha ngakhale kunali chisanu. Dzina la mwana wawo linali m'kamwa mwa anthu, akulitafuna pamodzi ndi matamale awo omwe, ndipo iwo anali chiimire, chopanira m'manja. Anavindikira chitini chidakali ndi theka.

"Atha," anatero.

"Atha bwanji, tikuwaona?"

"Ndati atha."

Atafika kunyumba anapeza Yaretzi sanapite kusukulu. Anali atagwada m'chipinda, akukokolola makoko a kokonati m'bokosi n'kumathira m'jumbo. Kamphasa anali atakamatula ndi mpeni. Kope linali m'dengu la zinyalala.

"Ukutani iwe?"

"Ndaimbira adokotala. Akuti sizinasinthe. Ndawauza kuti ikachira aipereke kwa munthu wodziwa kusamala."

Mayi Eulalia analowa, nthawi yoyamba mwana akuwaona m'chipindamo. Anatulutsa kabotolo n'kukaika pabedi.

"Si kamphasa, mwanawe."

Yaretzi anayang'ana kabotolo, anayang'ana amayi ake, anayang'ananso kabotolo.

"Inkalira pachifuwa," anatero mayiwo. "Ndinamva ndi makutu anga. Ndimati ndikuthandize."

"Munaigwira?"

"Ndinaigwira."

"Kangati?"

"Kawiri. Lachiwiri ndi Lachitatu. Ndi nsalu yotentha yomwe."

Kunja galimoto yogulitsa gasi inkadutsa ikuliza nyimbo yake.

"Dzulo munaseka, amayi."

Mayi Eulalia anangoyang'ana pansi. Yaretzi sanalire, sanakalipe. Anatenga foni, anaimba, ndipo atayankha kwinako anaipereka kwa amayi ake.

"Nenani nokha."

Ananena. Ananena zonse, pamene anapaka, kuchuluka kwake, kutentha kwa nsalu. Dokotala sanawadule mawu. Atamaliza anangoti, "Botololo lili pafupi? Tawerengani zolembedwa kumbuyo, tizilembo ting'onoting'ono tija." Mayi Eulalia analiyandikizitsa kuwindo. Zaka zonsezi anali asanawerengepo kumbuyo kwa botololo. Anawerenga mogwira chilembo chimodzichimodzi, mayina ovuta, mwana ataima pambali pawo osawathandiza.

"Basi, ndamva," anatero dokotala. "Zimenezi kwa munthu zimangotentha pakhungu, kwa njoka ndi poizoni. Ndikaisambitse pompano kuchotsa mafuta otsala pansi pa mamba, ndisinthenso mankhwala. Mukananena dzulo, mayi, bwenzi itapuma bwino tsiku lathunthu."

"Pepani, adokotala."

"Pepani wanu si wa ine."

Concha inakhala kuchipatalako masiku asanu ndi anayi. Loweruka linadutsa ili moyo, thovu linasiya, kupuma kunabwerera pang'onopang'ono. Pamimba panatsala chipsera chachitali chotuwa chimene dokotala anati mwina chidzachepa ikafundula kangapo, koma sichidzatheratu.

Masiku amenewo m'nyumba munalibe mkangano, ndipo zimenezo n'zimene zinkawapweteka kwambiri mayi Eulalia. Yaretzi ankapereka moni, ankatsuka mbale, ankayankha "inde amayi," "ayi amayi." Anatola kope lake m'dengu, anatsuka bokosi, anagula makoko atsopano, anamatanso kamphasa, zonse payekha.

Mumsewu nkhani inali idakali yoti mwana anaotcha njoka. Lolemba m'mawa, pamzere padzaza, mayi Eulalia anawaitana okha mayi Chonita.

"Anzanga, zija munanena Lachisanu si zoona. Mwana wanga sanalakwe kalikonse. Ndine ndinaipaka mankhwala a chimfine. Ikanafa ndi dzanja langa."

Mayi Chonita anayasama. "Munapaka njoka? Inuyo? Nanga masokosi munaiveka pati?"

Pamzere panagwa chiphwete. Sabata yonse sanapume. Wina ankabwera n'kuti, "Mayi, njinga yanga ikutsokomola." Woyendetsa takisi uja ankaimika galimoto dala n'kufunsa ngati angapake injini. Iwo, amene kale sankalola mawu kugwa pansi osawabweza, ankangokulunga matamale n'kupereka, maso pansi. Amayi ena anasiya kubweretsa ana. Ena akubwerabe mpaka lero.

Tsiku limene Concha inabwera kunyumba, Yaretzi anabwera ndi kaloko kakang'ono, kofanana ndi ka pa sutikesi. Anakakoleka pa chivindikiro cha bokosi amayi ake akuona, kiyi n'kumumangirira pa chingwe cha m'khosi. M'nyumba imene mayi Eulalia anakhalamo zaka makumi atatu munali musanakhalepo loko wotsekera iwo. Anapita kukhitchini n'kukatsuka miphika yoyera kale.

Njokayo inakanabe kudya Lamlungu linalo, ndi linzakenso, ndi linanso. Lamlungu lililonse masana mayi Eulalia ankamva madzi ofunda akuthiridwa m'kapu, kenako chete, kenako chitseko cha kuseri chikutseguka, mwana akukataya mbewa. Sankafunsa. Ankangodziwa kuti ikapanda kudya, kuchira kuja n'kwachabe.

Lamlungu lachinayi, akusankha nyemba patebulo, anamva mawu apansipansi kuchokera m'chipinda.

"Amayi. Bwerani msanga, koma osapanga phokoso."

Anapukuta manja n'kupita. Anaima pakhomo, osadziwa ngati aloledwa kupitirira. M'bokosi, Concha inali itaizinga mbewa, ikufunafuna kumutu ndi lilime.

"Yagwira," ananong'ona Yaretzi, maso osachoka pagalasi. "Lowani. Mutha kuyang'ana. Koma manja kumbuyo."

Mayi Eulalia analowa. Anaima pambali pa mwana wawo, manja ataphatikiza kumsana ngati wa sitandade wanu pamzere wa kusukulu, n'kumayang'ana njoka ikumeza pang'onopang'ono, chipsera chija chikutambasuka pakhosi, mpaka mchira wa mbewa unalowa.